Jakisoni wochotsa makwinya amagwira ntchito nthawi yaitali bwanji, ndipo n'chiyani chimasiyanitsa?

Munthu amene wabayitsa jakisoni wa botulinum pakati pa nsidze kwa nthawi yoyamba saona kusintha kulikonse tsiku limenelo. Amatuluka m'chipinda cha dokotala ali ndi timatuza tisanu ting'onoting'ono tokhala ngati walumidwa ndi udzudzu, ndipo timeneti timaphwa ola lisanathe. Mawa lake akaima pakalilole n'kuyesa kutsinya, nsidze zimakumanabe pakati monga kale, moti ena amayamba kuganiza kuti angotaya ndalama. Pa tsiku lachitatu kapena lachinayi m'pamene pamphumi pamayamba kumveka kulemera pang'ono, ndipo pofika milungu iwiri, munthu akafuna kutsinya ubongo umatumiza lamulo koma nkhope siimvera. Funso limene aliyense amafunsa akafika pamenepa ndi lakuti zikhala chonchi mpaka liti. Yankho limene madokotala amapereka ndi miyezi itatu kapena inayi. Yankholi ndi loona, koma ndi lachidule kwambiri, ndipo amene angolimva osadziwa kumene lachokera amakhumudwa nsidze zake zikayamba kugwedezeka pa mlungu wa 9 kapena wa 10.

Mankhwalawa ndi poizoni wopangidwa ndi bakiteriya yotchedwa Clostridium botulinum, yomwe imakula m'zakudya zosungidwa molakwika pamalo opanda mpweya. Dokotala wa ku Germany, Justinus Kerner, analemba cha m'ma 1820 za anthu amene ankapuwala atadya masoseji owonongeka, ndipo dzina la matendawa, botulism, linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza soseji. Bakiteriya yake anaipeza Émile van Ermengem wa ku Belgium, pofufuza zimene zinachitika m'mudzi wa Ellezelles mu 1895, kumene oimba a gulu lina anadya nyama ya nkhumba yothira mchere pambuyo pa maliro, atatu n'kumwalira. Amene anasandutsa poizoniyu kukhala mankhwala ndi Alan Scott, dokotala wa maso wa ku San Francisco, yemwe ankafuna njira yowongolera diso loyang'ana kumbali popanda opaleshoni. Bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza mankhwala ake mu 1989, ndipo kampani ya Allergan itawagula inawatcha Botox. Za makwinya zinabwera mwangozi: mu 1987 ku Vancouver, dokotala wa maso Jean Carruthers anaona kuti odwala amene ankawabaya chifukwa cha zikope zophethira mosalekeza ankasalala pakati pa nsidze, ndipo iye ndi mwamuna wake Alastair, dokotala wa khungu, anapitiriza kufufuza. FDA inavomereza kugwiritsa ntchito Botox pa makwinya a pakati pa nsidze mu 2002.

Kuti timvetse chifukwa chake mphamvu yake imatha, tiyenera kuchotsa kaye maganizo awiri olakwika amene ndi ofala. Oyamba ndi akuti mankhwalawa amadzaza makwinya monga mmene munthu amamatira ming'alu ya khoma. Imeneyo ndi ntchito ya mankhwala ena otchedwa filler, amene amakhala pansi pa khungu ngati phala ndipo ambiri amatha pakati pa miyezi 6 ndi 18. Botulinum sadzaza kanthu, ndipo khungu salikhudza n'komwe. Achiwiri ndi akuti mankhwalawa amakhala mu mnofu n'kumasungunuka pang'onopang'ono mpaka magazi atawakokolola, kotero kuti munthu womwa madzi ambiri kapena wotuluka thukuta kwambiri amawataya msanga. Zoona zake n'zakuti patangopita maola kapena masiku ochepa chibayireni, poizoni amene agwire ntchito amakhala atalowa kale m'kati mwa nsonga za mitsempha yonyamula mauthenga kuchokera ku ubongo, kumene magazi ndi thukuta sizingamufike.

Zimene zimachitika m'kati mwa nsongazo ndi zimene zimalamula nthawi. Mtsempha ukafika pa mnofu sulumikizana nawo mwachindunji. Pakati pamakhala kampata kakang'ono zedi. Uthenga wakuti mnofu ukokeke umawoloka kampatako kudzera m'timadzi totchedwa acetylcholine, timene mtsempha umasunga m'timatumba. Kuti kathumba kakhuthule timadzito kunja, kamayenera kukokedwera pakhoma la mtsempha ndi mapuloteni angapo ogwira ntchito ngati zingwe zomangira, ndipo imodzi mwa zingwezo imatchedwa SNAP-25. Poizoni wa botulinum wa mtundu A, womwe ndi umene uli m'mankhwala onse odziwika a makwinya, ali ndi mbali ziwiri: ina imamata pa mtsempha n'kutsegula njira, ina imalowa m'kati n'kuyamba kudula SNAP-25 ngati lumo. Chingwe chikaduka, timatumba timakhala tilipo, todzaza bwinobwino, koma sitingakhuthuke. Ubongo uli bwino, mtsempha sunafe, mnofu nawonso ndi wamoyo; changosowa ndi chowolotsa uthenga. N'chifukwa chake kusintha sikuoneka tsiku lomwelo, popeza lumo lija limafunika masiku kuti lidule zingwe zokwanira.

Mtsempha sukhala chete. Umapitiriza kupanga SNAP-25 yatsopano, koma vuto ndi lakuti lumo la mtundu A limakhalitsa m'kati mwa mtsempha kwa miyezi, ndipo chingwe chilichonse chatsopano limachidulanso. Pakadali pano mtsempha umachita zimene mtengo wosadzidwa umachita: umaphukira m'mbali. Timphukira tating'ono timatuluka pafupi ndi nsonga yolumala n'kukagwira mnofu, ndipo akatswiri anaziona zimenezi bwinobwino pa zinyama zoyeserera. Patapita nthawi lumo lija limaphwanyidwa ndi njira zimene selo iliyonse imachotsera zinyalala zake, nsonga yoyambirira imayambanso kukhuthula acetylcholine, ndipo timphukira tija timafota chifukwa ntchito yake yatha. Miyezi itatu kapena inayi ija, choncho, ndi nthawi imene mtsempha wa munthu umatenga kuti uchotse lumo ndi kukonzanso zingwe zake. Umboni wake ndi wakuti mitundu ina ya poizoni yemweyu imatha nthawi yosiyana. Mtundu B, umene umadula chingwe china, umatha msanga kuposa A, ndipo mtundu E, ngakhale umadula SNAP-25 yomweyo, lumo lake limaphwanyidwa mofulumira moti mphamvu yake imatha pa milungu yochepa chabe.

Popeza kuchira kwa mtsempha kumachitika pang'onopang'ono, palibe tsiku limene munthu angaloze kuti apa m'pamene mankhwala athera. Apa ndi pamene pamachokera kusamvana kwambiri pakati pa dokotala ndi wobayitsa. Pa kafukufuku amene anachititsa kuti Botox avomerezedwe pa makwinya a pakati pa nsidze, madokotala ankauza anthu kuti atsinye mwamphamvu n'kuona ngati makwinya akuoneka pang'ono chabe kapena sakuoneka n'komwe. Pa tsiku la 30, anthu pafupifupi 80 mwa 100 alionse anali otero. Pa tsiku la 60 anali pafupifupi 70, pa tsiku la 90 anali osakwana theka, ndipo pa tsiku la 120 anatsala pafupifupi 25 okha. Manambala amenewa akuonetsa kutsetsereka, ndipo kutsetserekako kumayamba mwezi wachiwiri usanathe n'komwe. Wina amene amati mankhwala atha akangoona nsidze yagwedezeka adzanena kuti anamugwirira milungu 8. Wina amene amadikira mpaka mzera wakale utabwerera mmene unalili adzanena kuti anamugwirira miyezi isanu. Onse awiri angakhale kuti anabayidwa mofanana, ndipo palibe amene akunama.

Mwa zonse zimene zimasintha nthawi, chachikulu ndi mlingo. Mankhwalawa amayezedwa m'mayuniti, ndipo poyamba yuniti imodzi inkawerengedwa potengera kuchuluka kwa poizoni wokwanira kupha theka la mbewa zoyeserera. Pakati pa nsidze, mlingo wovomerezeka wa Botox ndi mayuniti 20, ogawidwa malo asanu, mayuniti anayi pamalo alionse. M'mbali mwa maso, pamene pamapangika timizere munthu akamaseka, ndi mayuniti 24, kutanthauza 12 mbali iliyonse. Poizoni weniweni amene ali m'mayuniti 20 ndi wosakwana nanogalamu imodzi, ndipo nanogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a galamu. Mlingo ukachuluka, malumo olowa mu nsonga iliyonse amachuluka, nsonga zogwidwa zimachulukanso, ndipo kuchira kumachedwa. Koma kuwirikiza mlingo sikuwirikiza nthawi. Kafukufuku wa milingo yokwera wasonyeza kuti kuchoka pa 20 kupita pa 40 kumawonjezera milungu ingapo, ndipo kupitirira pamenepo phindu limachepa pomwe mtengo ndi chiopsezo chakuti mankhwala afalikire ku minofu yoyandikana zikukwera. Kumbali inayo, kachitidwe kamene katchuka kobaya timilingo tochepa kwambiri kuti nkhope izigwedezekabe mwachibadwa kali ndi mtengo wake wobisika: amene walandira theka la mlingo asadabwe mphamvu ikatha pa milungu 6 kapena 8. M'kuona kwanga, ambiri amene amadandaula kuti thupi lawo limatha mankhwala msanga amakhala kuti sanafunse n'komwe kuti anawabaya mayuniti angati.

Chachiwiri ndi mnofu umene wabayidwa, kukula kwake ndi ntchito yake. Milomo ndi chitsanzo chabwino. Ena amabayitsa m'mphepete mwa mlomo wam'mwamba kuti utembenukire kunja pang'ono, koma mnofu wozungulira pakamwa sungapatsidwe mankhwala ambiri chifukwa munthu angalephere kuyamwa chakumwa, kuimba mluzu kapena kutchula zilembo zina, choncho amabaya mayuniti ochepa kwambiri ndipo mphamvu yake kawirikawiri imatha pa miyezi iwiri. Pamphumi napo dokotala wosamala amachepetsa mlingo dala, popeza mnofu wapamphumi ndi wokhawo umene umakweza nsidze, ndipo ukafooketsedwa kwambiri nsidze zimagwera pamaso. N'chifukwa chake mphumi imayamba kugwedezeka pakati pa nsidze pasanayambe. Mnofu wotafunira wa m'mbali mwa nsagwada, umene ena amabayitsa kuti nkhope ichepe m'munsi kapena kuti asiye kukukuta mano usiku, ndi wosiyana: umalandira mlingo waukulu, ndipo chimene munthu amaona si kufooka chabe koma kuphwa kwa mnofuwo chifukwa chosagwira ntchito mokwanira. Kuphwako kumayamba kuoneka patapita milungu ingapo ndipo kumatenga miyezi 4 mpaka 6, nthawi zina kuposerapo, kuti mnofu ubwerere.

Pali chinthu china chochititsa chidwi chimene chimasonyezanso kuti nthawi imadalira mtsempha. Mankhwala omwewa akabayidwa m'khwapa kuti aletse thukuta lopitirira muyezo, mayuniti 50 mbali iliyonse, amagwira ntchito pafupifupi miyezi 6 kapena 7. Akabayidwa m'chikhodzodzo cha munthu wovutika kusunga mkodzo, amathanso kufika theka la chaka kapena kupitirira. Mitsempha imene imalamula thukuta ndi chikhodzodzo ndi ya gulu lina, losiyana ndi imene timailamula mwadala, ndipo imachira mochedwa. Koma kwa odwala mutu waching'alang'ala wosatha, amene amalandira mayuniti 155 m'mutu ndi m'khosi, jakisoni amabwerezedwa milungu 12 iliyonse, nthawi yofanana ndi ya makwinya.

Za mayina a mankhwala, anthu amakonda kutcha onse Botox monga mmene timatchulira mankhwala alionse otsukira mano ndi dzina la kampani imodzi, koma alipo angapo. Dysport anavomerezedwa ku America mu 2009, Xeomin wa kampani ya Merz ya ku Germany anavomerezedwa pa makwinya mu 2011, ndipo Jeuveau, wopangidwa ku South Korea, mu 2019. Mayuniti a kampani imodzi safanana ndi a inzake: pakati pa nsidze Dysport amafunika mayuniti 50 pomwe Botox amafunika 20, ndipo izi sizitanthauza kuti wa Dysport walandira zochuluka. Pa nkhani ya nthawi, mankhwala anayi amenewa sasiyana kwenikweni akaperekedwa pa mlingo woyenera, ngakhale kuti kampani iliyonse ili ndi kafukufuku woikomera. Amene anabwera ndi lonjezo losiyana ndi Daxxify, wa kampani ya Revance, amene anavomerezedwa mu 2022. Pa kafukufuku wake, theka la anthu anali akadali osalala pofika miyezi pafupifupi 6. Mlingo wake ndi mayuniti 40, ndipo akatswiri amatsutsanabe ngati kukhalitsako kukuchokera ku kapuloteni kamene kampaniyo inawonjezeramo kapena ku mlingo. Tisaiwalenso kuti mawu akuti theka la anthu akutanthauza kuti theka linalo silinafike miyezi 6.

Tikafika pa thupi la munthu mwini, zina ndi zodziwika bwino ndipo zina ndi zongoganizira. Chodziwika ndi chakuti amuna ambiri ali ndi minofu yokhuthala pakati pa nsidze, kotero mlingo umene umakwanira mkazi umachepa kwa mwamuna ndipo umatha msanga. Madokotala ambiri amawonjezera mlingo pa chifukwa chimenechi. Chodziwikanso ndi chakuti anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo saona kusintha kwakukulu ngati achinyamata. Apa chifukwa chake si chakuti poizoni sawagwira, koma makwinya awo ambiri akhazikika m'khungu ndipo amaoneka ngakhale nkhope ili phee. Botulinum amachotsa makwinya obwera chifukwa cha kukokeka kwa mnofu. Mzera umene wajambulika kwa zaka 30 umafewa chabe, ngati chovala chopindika chimene wachiyanika osachisita. Munthu wotere angaone ngati mankhwala atha msanga pomwe mnofu wake udakali wofooka.

Owerenga ambiri akhungu lakuda angafunse ngati mtundu wa khungu uli ndi gawo. Pa nthawi imene mankhwala amagwira ntchito, ulibe, popeza ntchito yonse imachitikira pa mtsempha ndi mnofu, pansi pa khungu. Kusiyana kuli pa nthawi imene makwinya amayambira. Khungu lakuda limatetezeka bwino ku dzuwa, choncho timizere tating'ono timachedwa kuoneka poyerekeza ndi azungu a msinkhu womwewo, ngakhale mzera wakuya wa pakati pa nsidze umabwera kwa aliyense wokonda kutsinya.

Zongoganizira ndi nkhani ya masewera olimbitsa thupi ndi nkhani ya zinc. Madokotala ambiri amanena kuti othamanga ndi onyamula zitsulo amabwerera msanga kudzabayitsanso, ndipo kafukufuku wina wochepa wa ku Brazil anapeza zofanana ndi zimenezi, koma chifukwa chake sichikudziwika bwino, ndipo palibe dokotala wanzeru amene angauze munthu kusiya masewera kuti mphumi isalale milungu iwiri yowonjezera. Za zinc zinayamba chifukwa lumo la poizoniyu limafunika zinc kuti lidule, ndiye ena anaganiza kuti kumwa mapiritsi ake masiku angapo asanabayitse kungatalikitse nthawi. Kafukufuku amene anayambitsa mphekeserayi anali wa anthu ochepa, ndipo sanatsimikizidwe mokwanira. Amene akugulitsa mapiritsiwo ndi amene amailankhula mokweza.

Chitetezo cha m'thupi ndi nkhani ina, yeniyeni ngakhale siichitika kawirikawiri. Poizoniyu ndi puloteni yachilendo, ndipo thupi likhoza kupanga asilikali omugwira asanalowe mu mtsempha. Zikatero, jakisoni amene kale ankatha miyezi inayi amayamba kutha miyezi iwiri, kenako mwezi umodzi, mpaka osagwiranso. Izi zinkaoneka kwambiri kwa odwala matenda opotola khosi amene ankalandira mayuniti mazanamazana a Botox woyambirira, amene anali ndi mapuloteni ochuluka. Mu 1997 kampani inasintha kapangidwe n'kuchepetsa mapuloteniwo, ndipo vutoli linachepa. Pa milingo yaing'ono ya makwinya ndi anthu ochepa kwambiri amene zimawachitikira. Zimene zimakulitsa chiopsezo ndi mlingo waukulu ndi kubayitsa pafupipafupi, ndipo ichi n'chifukwa chimodzi chimene opanga amalembera kuti jakisoni wa makwinya asabwerezedwe miyezi itatu isanakwane. Munthu amene amathamangira kukawonjezera nsidze zikangogwedezeka pa mlungu wa 7 akudzitchera yekha msampha, popeza akuphunzitsa thupi lake kuzindikira chinthu chimene akufuna kuti chizigwira ntchito kwa zaka zambiri. Kubwerera kwa dokotala pakatha milungu iwiri kuti akonze nsidze imene yakwera kuposa inzake ndi nkhani ina, ndipo kumafuna mayuniti ochepa.

Pali mbali imene wobayitsa saiona kawirikawiri, ndiyo ya kabotolo. Kabotolo ka Botox ka mayuniti 100 kamaoneka ngati mulibe kanthu. Ukakapenyetsetsa pa kuwala m'pamene umaona kautoto koyera kopyapyala pansi pake. Wobaya amatenga madzi amchere a kuchipatala m'sirinji, kawirikawiri mamililita awiri ndi theka, n'kubaya pa chivindikiro cha labala, ndipo madziwo amakokedwa okha chifukwa m'kabotolomo mulibe mpweya; akapanda kukokedwa, opanga amati kabotoloko katayidwe. Akatero amakazunguza pang'ono osakakhutchumula. Pa kasungunulidwe kameneka, kachigawo kamodzi mwa magawo khumi a mililita kamakhala ndi mayuniti anayi, ndiwo mlingo wa malo amodzi mwa asanu aja. Wobaya wosakhulupirika akathira madzi owirikiza n'kubaya kuchuluka komweko, munthu amamva kubayidwa kasanu monga mwa nthawi zonse koma walandira theka. N'chifukwa chake funso loyenera kufunsa ndi la mayuniti, osati la masirinji kapena la malo obaya. Kabotolo kosatsegula kamasungidwa m'firiji pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo kakasungunulidwa opanga amati kagwiritsidwe ntchito pasanathe maola 24. Xeomin ndi Daxxify amatha kukhala kunja kwa firiji asanatsegulidwe. Kumene magetsi amazimazima ndipo katundu amayenda maulendo aatali m'nyengo yotentha, si kupanda ulemu kufunsa kuti mankhwalawo afika bwanji ndipo asungidwa pati.

Mankhwala achinyengo amasokoneza kuwerengera konseku, chifukwa palibe amene amadziwa zimene zili m'kati. Ena amakhala opanda mphamvu ndipo amatha pa milungu itatu. Ena amakhala ndi poizoni woposa amene walembedwa. Mu 2024 akuluakulu a zaumoyo ku America analengeza za anthu a m'zigawo zingapo amene anadwala atabayidwa mankhwala achinyengo kapena ndi anthu osavomerezeka, ndipo mu 2025 ku England anthu makumi angapo anadwala matenda a botulism mwa njira yomweyo, ena mpaka kugonekedwa m'chipatala akuvutika kumeza ndi kupuma. Ku Britain mankhwalawa amaperekedwa pokhapokha wovomerezeka atalemba, ndipo kuyambira mu 2021 lamulo la ku England limaletsa kubaya munthu wosakwana zaka 18 pofuna kukongoletsa. Amene amakhala ku London kapena ku Johannesburg n'kumaona pa Instagram mitengo yotsika modabwitsa ali ndi chifukwa chokayikira.

Luso la wobaya nalonso limalowa mu nkhani ya nthawi. Mnofu umene umakokera nsidze pakati umayambira pansi pafupi ndi fupa la pamphuno n'kukathera pamwamba pafupi ndi khungu, choncho singano iyenera kulowa mwakuya pamalo ena ndi mosazama pamalo ena. Akaphonya, mbali ya mnofu imatsala ikugwira ntchito, ndipo munthu amaona ngati mankhwala atha pomwe sanafike kumene ankafunika. Malangizo amene amaperekedwa pambuyo pobaya, monga kusagona chafufumimba kwa maola anayi, kusasisita pamalopo ndi kusachita masewera tsiku limenelo, cholinga chake ndi kuletsa mankhwala kusunthira kumene sakufunika, ndipo satalikitsa nthawi. Kutsinyatsinya dala m'maola oyambirira kungafulumizitse kuyamba kwa mphamvu ndi tsiku limodzi, basi.

Nthawi yomweyi imagwiranso ntchito zinthu zikalakwika. Filler wa mtundu wofala ali ndi mankhwala omusungunula, koma botulinum akalowa mu mtsempha palibe chomutulutsa. Ngati pang'ono pafika pa mnofu wokweza chikope, diso limatsinzina pang'ono ngati la munthu wa tulo, ndipo chimene dokotala angachite ndi kupereka mankhwala odonthezera m'maso amene amakweza chikopecho pang'ono kwa maola angapo. Mwayi wake ndi wakuti mlingo umene wasochera umakhala wochepa, kotero vutoli kawirikawiri limatha pa milungu ingapo, mphumi isanayambe n'kugwedezeka komwe. Koma nsidze zolemera chifukwa cha mlingo wochuluka pamphumi, kapena kumwetulira kopendama, zimafuna kudikira mpaka mtsempha utachira. Amene akulakalaka jakisoni wa miyezi 6 ayenera kuwerengeranso mbali imeneyi. Mankhwala ena, monga gentamicin wopha mabakiteriya, amawonjezera mphamvu ya poizoniyu, ndipo anthu odwala matenda ofooketsa minofu monga myasthenia gravis, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amalangizidwa kupewa.

Kwa amene amabayitsa zaka zambiri motsatizana, madokotala ambiri amaona kuti mpata umayamba kutalika, kuchoka pa miyezi itatu kufika pa inayi kapena isanu. Zifukwa zake ndi ziwiri zooneka: mnofu umene wakhala wosagwira ntchito mokwanira umachepa, ndipo munthu amaiwala chizolowezi chotsinya. Sizichitika kwa onse, ndipo amene akuyamba ayenera kuwerengera maulendo atatu kapena anayi pa chaka, aliwonse ndi mtengo wake. Akasiya, mitsempha imachira monga mmene imachitira nthawi zonse, mnofu umabwerera mphamvu m'miyezi yotsatira, ndipo makwinya amabwerera pamene anali, osati kuposa pamenepo. Ambiri amaona ngati awonjezeka chifukwa diso linazolowera mphumi yosalala, ndiponso chifukwa zaka zimene zadutsa chiyambire kubayitsa zimakhala zitagwira ntchito yake pa khungu, pa mafuta a m'masaya ndi pa mafupa a nkhope, kumene jakisoniyu safika.